Zimene Ndinalemba pa Fomu

Anabwera naye pa ngolo kuchokera kwa Tengani,
wapolisi pambuyo pa njinga, fomu m'thumba la malaya.
Magetsi anali atazima kuyambira dzulo lake,
ndiye tinafulumira, ine ndi Jasi wa kumotchale.
Dzuwa la ku Nsanje silidikira malipoti.

Rozina Alufandika, zaka khumi, zisanu ndi ziwiri.
Amalume ake anali atagamula kale pakhonde:
tameki. Mayi womupeza ali m'chitokosi.

Njala ndimaidziwa ine.
Ndinaiona chaka cha madzi osefukira
mwa anthu okumba nyika ku Ndindi;
imabwera ndi mapazi otupa ndi thumba lopanda kanthu.
Koma kwa Alufandika mapira ali tho m'nkhokwe,
mbuzi zikulira m'khola.

M'mimba munalibe poizoni.
Munalibe kanthu, timadzi chabe.
Mafuta a pansi pa khungu ndinawafuna ndi mpeni, osawapeza.
Kumsana kunamera cheya ngati cha khanda,
thupi kudzifunditsa lokha
m'chigwa chimene anthu amagona panja kuthawa thukuta.
Mano chakuseri kwake odyeka, osalala
ngati mwala wa padooko.
Pa mfundo za zala ziwiri, zipsera za mano ake omwe.

Mtima ndinaunyamula m'dzanja limodzi.
Sikelo inati ndi wa mwana wa sitandade folo.
Thupi litasowa chodya linatembenukira kwa iwo,
kuubenthula pang'onopang'ono
mpaka unaphonya kugunda pamjigo, chidebe chisanadzaze.

Mng'ono wake ndiye anandipeza kuseri ndikusamba m'manja.
Akuti zinayamba atabwerako ku boding'i.
Akuti ankati "ndadya kale,"
mbale n'kukankhira galu wa aneba.
Ankaima pa zenera la golosale
n'kuonamo munthu wina, wonenepa,
amene pamudzi palibe anamuonapo.
Amayi a kumpingo ankamutama posala kudya.

Fomu ili ndi mzere umodzi wa chimene chapha munthu.
Ndinalembapo m'Chingerezi
matenda amene kuno alibe dzina.
Amalume anawerenga, n'kundibwezera:
"Adokotala, mwana n'kufa ndi njala chakudya chilipo?
Akudyetsani chibanzi cha zingati?"

Madzulo mayi uja anamutulutsa.
Anaima pageti la chipatala, nsapato m'manja, osalowa.
Anangofunsa Jasi ngati mwanayo tamufunditsa,
poti masiku omalizawa
ankangodandaula kuzizidwa.