Chithunzi Kuseri kwa Kauntala

Kuseri kwa kauntala, pamwamba pa makatoni a misomali,
Mayi Shen anapachika chithunzi cha kachisi.
Dzuwa lachidya mtundu,
koma denga likuonekabe, lopindikira m'mwamba
ngati nyanga za ng'ombe yaukali,
zinjoka ziwiri zili pamwamba pake, kukamwa yasa.

Akuti kachisiyo anapsa kawiri, namangidwanso.
Akuti masitepe ake anakumbika pakati
ndi mapazi a akazi a asodzi.
Mwini wake ndi Mazu, mayi wa nyanja yamchere.
Tsiku loyamba ndinamva ngati akuti Mzuzu.
Ndinaseka. Iwo sanaseke.

Nyanja yamchere kuno?
Kuno kuli nkhungu basi,
yotsika ku Kaning'ina m'mamawa
kudzameza akabaza a ku Chibavi mmodzimmodzi
mpaka kutsala mabelu okha.

Tisanatsegule chitseko
amayatsa timitengo titatu tonunkhira
ndi kuika manachesi awiri
pafupi ndi buku la ngongole.
Madzulo manachesiwo amandipatsa ine.
Ndinkawataya m'ngalande. Ndine wa kwaya, inetu.

Tsiku lina magetsi atathima, mvula ikuwomba malata,
anandiuza m'Chichewa chawo chothyokathyoka:
anali mtsikana wamba, woomba nsalu.
Tulo tinamuba ali pantchito,
m'maloto nagwira abale ake omira,
awiri m'manja, mmodzi ndi mano.
Amake anamuitana. Mwana waulemu, anavomera.
Wa m'mano uja anapita ndi madzi.

Mlongo wanga Fiskani anakwera basi ya ku Joni mu Epulo.
Ena akuti Limpopo anawoloka usiku, madzi olekeza m'khosi.
Ena akuti sanamuone kutsidya.
Foni yake imayankhidwa ndi mayi uja wa makina,
yemwe satopa kupepesa.

Sindinagwade ayi.
Ndinangopukuta fumbi la simenti pagalasi
ndi nsonga ya chitenje,
ndinafunsa ndikuyang'ana kumbali:
Amayi anuwa amadziwanso mitsinje,
kapena yawo ndi nyanja yokha?

Mayi Shen anamaliza kaye kuwerenga ndalama.
Madzi ndi madzi, anatero.
Anapisa m'jumbo, natulutsa nachesi lachitatu.
Dzina?
Ndinawauza. Analibwereza katatu, lilime likupunthwa.

Pakhomo panaima bambo wofuna loko wa geti,
wonyowa, wothamangira minibasi ya ku Luwinga.
Ndinamugulitsa.

Madzulo ake nachesilo ndinalisenda panjira ya ku Chiputula.
Linali lowawasa.
Ndinadya lonse, osalankhula ndi munthu,
mano ali chilumire mpaka kunyumba.