Usiku Wotsiriza ku Motueka

Digiri yanga ili pansi m'chikwama,
yapindika pakona, ikununkha masokosi.
Miyezi isanu palibe waifunsa.
Ngaire tsiku loyamba anangoti:
makwerero umawaopa?

Ndinanama.

Anandiphunzitsa kuthyola maapozi
osakoka, kungopotoza pang'ono
ngati ukutsegula chitseko khanda lili m'tulo.
Akachita chipsera, amakudula malipiro.
Zaka zinayi ndikuwerenga zachuma,
koma mtengo wa phewa langa
ndaudziwira kuno, bokosi ndi bokosi.

Ignacia wa ku Chile wagona osavula nsapato.
Mawa iye alowera kum'mwera,
ine sitima yapamadzi, kenako ndege,
kenako sindidziwa bwinobwino.
Tagawana mchere wotsala.
Poto wopanda chogwirira
tasiyira obwera m'mbuyo mwathu.

Ngaire sanatsanzike.
Anangondiponyera apozi m'thumba la jekete,
uja wabala, wosagulitsika,
nati, otere ndiwo amatsekemera,
udyeretu, pabwalo la ndege akakulanda.

Zikhatho zanga zakhakhala.
Ndikazitikita zimalira ngati masamba ouma.
Kaya ku ofesi ndidzapereka moni
ndi dzanja liti.