Malata makumi atatu ndi awiri

Mvula ikagwa pa tchalitchi chathu cha ku Domwe
palibe amandimva.
Denga limalira ngati ng'oma zana,
ine pa guwa kukamwa kuli yasa,
amayi a mvano akungoona milomo yanga ikugwedera
ngati ya mbuzi yobzikula.
Kale ndinkalimbana nayo mpaka mawu kusasa.
Masiku ano ndimatseka buku n'kukhala pansi.

Malatawo ndimawadziwa limodzilimodzi.
Ndinawagula ku Ulongwe
chaka chimene mbatata ya kachewere inatikomera,
tinawamanga pa ngolo ya a Bizaliyele,
mpingo ukuimba m'mbuyo mpaka pa mlatho.
Ndalama zake zinali m'chitini cha mkaka, pansi pa bedi.
Pachivundikiro Nangozo analembapo ndi msomali:
Jelasiyo, sukulu.
Ndinawerenga. Ndinatsegulabe.

"Mulungu adzabweza," ndinatero pa chakudya chamadzulo.
Mnyamata ananyamula mbale yake kukadyera pakhonde.
Mayi ake anandiyang'ana kamodzi kokha
nati, "Abusa, onjezani ndiwo."
Zaka makumi awiri za ukwati,
anali asananditchulepo abusa m'nyumba mwathu.

Jelasiyo ankafuna kuphunzira zochiza ziweto.
Ali wamng'ono anamanga mwendo wa nkhuku ndi luzi ndi kabango,
nkhukuyo inayenda.
Tsopano ali ku Moatize,
amatsuka magalimoto onyamula malasha.
Mwezi ukatha foni yanga imalira:
mametikali chikwi ndi mazana asanu, opanda moni.
Ndimagula sopo, feteleza, mankhwala a shuga a mayi ake,
n'kuchotsapo chakhumi
pa thukuta la mwana amene ndinam'bera.

Kuba. Liwu limeneli linatenga zaka zinayi
kuchoka pamtima kufika pa lilime.
Ndinkati nsembe. Ndinkati chikhulupiriro.
Koma nsembe ndi mbuzi ya m'khola lako,
ya mwana si yako, ngakhale unam'bala ndiwe.
Ine amene ndakhazika amuna angati pa benchi
n'kuwauza kuti kupepesa sikuthyola nthiti!

Lachiwiri lina ndinakwera shapa mbandakucha.
Tinatsika mapiri, mphepo yathu inatsala m'mbuyo,
pa Musakama ndinavula jekete,
malambe atayamba kolala ndinaika m'thumba.
Njira yonse ndinkaloweza mawu,
okoma, otsatana bwino ngati ulaliki wa pa Pasaka.

Ndinam'peza atagwada pa tayala lotalika kuposa ine,
fumbi lakuda mpaka m'zikope.
Mawu aja anabalalika ngati nkhanga.
Ndinangoti, "Chitini chija, mwana wanga."
Anapukuta manja pa nsanza, nthawi yaitali,
chala chimodzichimodzi.
"Denga silidontha?"
"Silidontha."
"Chabwino."
Anandigulira madzi ozizira,
tinakhala mumthunzi wa lole mpaka kapitawo anaimba mluzu.
Ngati kumeneko kunali kukhululuka, sindikudziwa.
Sindinafunse. Wopempha sasankha mbale.

Ambuye, munali ndi denga ine ndisanabadwe.
Pansi pa udzu wodontha uja munkatimva bwinobwino,
ndine ndinkachita manyazi
abusa a kutauni akabwera ndi nsapato zowala.
Ndinati ndikumangira Inu.
Mukudziwa amene ndinkamangira.

Pansi pa bedi pali chitini china tsopano.
Mizere isanu ya kumunda kwa mtsinje ndi yake,
imene ndimapalira ndekha, mpingo usanadzuke.
Chikulemera pang'onopang'ono, ngati mwana wodwaladwala.
Mwina Jelasiyo sadzachifuna, zaka zapita.
Nangozo akusesa anachiona,
anachigwedeza pafupi ndi khutu, n'kuchibwezera pomwepo.
Akunditchulabe abusa,
koma dzulo anandisungira chipsera cha mbatata,
chimene amadziwa kuti ndimakonda.

Mitambo yayambanso kudera kuphiri.
Lamulungu likudzali denga lidzalalikira,
ine ndidzakhala pansi, mutu woweramitsa.
Mpingo udzati abusa akupemphera.
Mwinadi.
Ndidzakhala ndikuwerenga,
kuyambira lata la kukhomo,
limene dzimbiri layamba kudya pa msomali.