Botolo la ku Nacala

Bambo anga, a Twaibu, nyanja yamchere anaiona kamodzi kokha,
chaka chomwe ankakweza matumba a feteleza pa lole.
Anabwerako ndi botolo la madzi, pakamwa pomangidwa ndi mphira.
Lakhala pazenera kwathu ku M'baluku zaka makumi awiri ndi zinayi.
Amati ndi mankhwala.
Sitinalitsegulepo.

Ine ndimagwira ntchito mu labotale ya chipatala cha boma.
Magazi awo ndinapima ndekha,
ndinalemba ndekha pepala, dzanja likunjenjemera,
ndipo adokotala atanena kuti khansa ya chiwindi
ndinagwedeza mutu ngati akunena za bambo a wina.

Tsopano mimba yawakulira ngati mtsuko,
maso achita chikasu,
lamba waikidwa pa msomali.

Usiku wa Lachitatu magetsi atazima mu wodi
ndinawerenga pa foni
kuti pansi pa nyanja, kumene dzuwa silifika,
kuli tizilombo ta bakiteriya
timene timadzikuta ndi zonanda ngati therere,
shuga wolukana, mkanda pa mkanda,
ndipo ena akufufuza ngati zonandazo
zingaletse maselo a khansa kuswana.
Mu timbale ta galasi, akuti, pali chiyembekezo.
Mwa mbewa, mwina.
Mwa munthu, dikirani.

Ndinaseka ndekha, mlonda mpaka anasuzumira.
Zaka zisanu ndi zinayi ndakhala ndikusaka tizilomboti
m'makhololo, m'mikodzo, m'mafinya,
kutipaka utoto, kutiwerenga, kutinenera kwa adokotala
ngati mbava zogwidwa pamsika.
Lero ndimve kuti tili ndi abale akutali
amene mwina akusunga dzina la bambo anga?

M'mawa ndinawauza, ndikuwamwetsa phala.
Anamvetsera maso ali chitsinzire, kenako anati,
Ndiye ine ndinkanama?
Ndinati ayi, si choncho, madzi okha sachiza,
pafunika zaka, ndalama, makina amene kuno kulibe.
Anati, Zaka zingati, Asiyatu?

Panja kabaza analiza belu,
wa mandasi anadutsa, wina ankakolopa khonde.
Ndinapukuta supuni ndi nsonga ya chitenje.

Anati, Ukapita kunyumba ukalitenge,
ukaliike pa makina ako aja, uone ngati alimo.

Ndinalitenga. Ndinawoloka nalo mlatho wa Shire
litakulungidwa mu mpango wa mayi.
Dontho limodzi pa kagalasi.
Ndinazungulitsa kachitsulo, ndinazungulitsanso.
Ndinaona timiyala ta mchere,
tamakona anayi, toyera, tosayenda.

Madzulo anandifunsa ndi nsidze zokha.
Ndinati, Ndaona tinyumba, bambo,
tambirimbiri, tomangidwa bwino.
Eni ake sindinawapeze.

Anati, Ali ku ntchito,
ndipo anatembenukira kukhoma.