Kugona Chammbali

M'kachipinda kathu ka lendi ku Kawale,
momwe ukadziwongola chigongono chimagunda khoma,
bokosi la kompyuta linkangoti njo ngati mlonda,
kudya theka la tebulo, lendi osasonkha.

Yotamu, wokonza mafoni pa Malangalanga, anaseka:
"Ligonekeni, mayi, si botolo la palafini, silitayika.
Bola musalitseke mphuno zopumira."

Ndinalizimitsa, kuzula zingwe,
n'kuligoneka pang'onopang'ono
ngati wodwala ku Bwaila.
Pomwe linaima panatsala fumbi la zilimwe zitatu,
chipanero changa chotayika chija,
ndi mphemvu youma, miyendo m'mwamba.

Sikirini ndinaibereketsa pamsana pake.
Malo opulumuka? Zikhatho ziwiri basi.
Koma ndi pomwe Tiferanji akulembera masamu tsopano,
osagwadanso pasimenti.

Magetsi akabwera usiku
ndimataipa makalata a anthu ena ofunsira ntchito,
lokha likung'ung'udza pansipansi, lofunda,
kope la mwana litatsamira nthiti zake.

Silinadandaule.
Mwina linkationa pamatiresi amodzi, anthu anayi,
n'kuzindikira kuti mu Lilongwe muno
tonse timagona chammbali.