Nkhoswe ya Mpunga

Cha m'ma folo koloko madzulo ku Los Baños,
phiri la Makiling litafunda mitambo mpaka m'khosi,
Luningning amakhala pa kampando kafupi
ndi sizasi, kopanira, ndi ngala imodzi ya mpunga.
Amadula kaduwa kukamwa, mopendeketsa,
n'kusolola timitu ta mungu.
Timakhala tisanu ndi kamodzi. Ukasiyamo kamodzi
duwa limadzikwatira lokha,
miyezi inayi yapita madzi.

M'mawa mwake amabwera ndi mkamwini:
mpunga wautali, waulesi, wogona ndi kamphepo kalikonse,
wobereka ngati wochita kukakamizidwa,
koma womwa madzi amchere osachita tsinya.
Amaugwedeza. Fumbi lachikasu waa!
Aphimba ndi kathumba ka pepala,
alemba dzina la mayi poyamba, la bambo pambuyo.

Bambo ake enieni, a Teofisto, ali ku Camarines,
kumene nyanja inaphunzira njira ya kumunda.
Amaviika chala m'ngalande, n'kulawa, n'kulavula.
Pa foni amafunsa:
digiri yoyamba ija inaperewera pati?
Mpungatu tinayamba kulima iwe usanabadwe.
Iye amati eya, bambo,
m'zikhadabo muli matope omwewo.

Ana oyamba anafanana onse ngati ovala yunifolomu.
Zidzukulu ndiye ayi:
wina wamtali, wina kafupi, wina wandevu,
wina mankhusu okhaokha,
wina wotengera agogo amene palibe anawaitana.
Mazana asanu ndi limodzi, aliyense ndi nambala yake.

Pulofesa Macaraeg amayenda m'mizere manja kumbuyo.
Taya, amatero. Uyunso taya.
Anthu amaganiza kuti ntchito yathu n'kulenga.
Ntchito yathu n'kutaya.

Ndiye Luningning amayeza mchere pa sikelo,
kusungunula, kuthirira mbande zimene anazifesa yekha,
n'kukhala pansi ndi kope kuziwerenga zikufa.
Nsonga kupsa. Tsamba kupindika.
Tsiku la khumi thireyi yonse yofiira gwaa,
kupatula pakona, nambala 214,
yobiriwira ngati sinamve uthenga.

Sanakuwe. Kamodzi si umboni.
Mwina mchere sunafike pakonapo,
mwina dzanja lake linaikondera.
Anabwereza. Namondwe anasasula denga la nazale.
Anabwerezanso. Nkhono zinadya mzere wonse wa kum'mawa,
ndipo amene anati kuona maso a nkhono n'kudekha
akanabwera, akanawaona, ali pa mbande za mwini.

Ndalama za sukulu zikutha mu Meyi.
Mpunga sudziwa Meyi.
Ukufuna mibadwo ina inayi kuti khalidwe likhazikike,
ndipo amene adzautche dzina
mwina pano akulemba mayeso a chaka choyamba.

Usiku, fani ikulira, akulimbana ndi mutu wachinayi,
matebulo, manambala, mawu oti zikuoneka ngati.
M'kabati muli envulopu ya khaki,
njere makumi atatu ndi ziwiri.
Bambo afunsanso: ndibzale liti?
Iye akuyang'ana envulopuyo.
Ayi, bambo, musanabzale.
Madziwo lero anali bwanji?