Mneni wa Nkhope Ziwiri

Kwatsala masiku awiri kuti tikaike bambo m'manda,
koma ine ndi Desmond tikukangana m'khitchini
chifukwa cha liwu limodzi.

Ndalemba chiganizo cha manja awo,
manja ong'aluka ndi mchere wa nyanja yozizira,
zala ziwiri zopindika kuyambira tsiku lija
chingwe cha sitima chinawafinya,
ndipo pakati pa manjawo ndi kufatsa kwa mtima wawo
ndaikapo mneni "belie."

"Ukuti bambo ankanama?" akufunsa Desmond,
tiyi wake akuzizira.
Ayi. Ndikuti manjawo ankabisa munthu.
Wowaona pa doko la Grimsby akutsitsa mabokosi a nsomba
akanati uyu ndi mwala,
osadziwa kuti Lamlungu lililonse, amayi atamwalira,
ankandipesa tsitsi mosamala ngati akusoka ukonde.

Desmond akutsitsa dikishonale ya amayi,
ija yothothoka chikuto,
chala chake chikutsetsereka mpaka tanthauzo lachiwiri.
Pamenepo mneniyu watembenuka.
Sakubisanso, akuulula:
umboni ukakumana ndi bodza n'kulivula pagulu,
liwu lake ndi lomweli.

Ndiye manja aja ankaphimba kufatsa,
kapena ankatsutsa kuti kufatsako kunalipo n'komwe?
Mlongo wangayu akukumbukira lamba,
usiku umene anaswa zenera la a Hebblethwaite.
Ine ndikukumbukira chipeso.
Tinakulira nyumba imodzi, chipupa chokha pakati pa mabedi athu.

"Sinthanitsa," akutero.
"Ulembe kuti kufatsa ndiko kunkabisa manja."
Ndikuyesa. Chiganizo chikuimabe chilili, osatsimphina,
ndipo apa m'pamene mantha akundigwira.

Kunja mbalame za kunyanja zikulimbirana tchipisi
zimene wina wataya pa msewu.
Sitikuyankhulanso.
Iye akutsuka kapu imene sanamwere.

Lachisanu, m'tchalitchi chozizira,
ndikuwerenga monga ndinalembera poyamba.
Anzawo a pa doko, atatu okha amene atsala,
akugwedeza mitu: inde, Wilf anali wotero.
Desmond ali pa benchi yachiwiri, maso pansi,
nayenso akugwedeza mutu,
ndipo sindikudziwa tanthauzo limene wamva.

Potuluka akundigwira pa phewa.
Dzanja lake ndi lolemera, lokhakhala,
ndi la bambo lenileni,
ndipo sindikulifunsa chimene likubisa.